Mbiri ya Njanji ya Yamanote ku Tokyo

Lero ndati tione mbiri ya njanji ya Yamanote, yomwe imazungulira pakati pa mzinda wa Tokyo.

Kampani ya Nippon Railway inatsegula njanjiyi mu 1885, kuchokera ku Shinagawa kukafika ku Akabane. Nthawi imeneyo Shinjuku ndi Shibuya kunali kunja kwa mzinda, ndipo sitima zinkanyamula makamaka katundu, monga ulusi wa silika wopita ku doko la Yokohama. Boma linaitenga mu 1906, sitima zamagetsi zinayamba mu 1909, ndipo mu 1925 njanjiyi inalumikizana n'kukhala yozungulira.

Kuyambira 1987 ikuyendetsedwa ndi JR East. Ndi yotalika makilomita 34.5, ili ndi masiteshoni 30, ndipo kuzungulira kamodzi kumatenga pafupifupi ola. M'mawa sitima zimabwera motsatizana pamphindi zochepa chabe, komabe anthu amathithikana.

Chimandikhudza ine n'chakuti mpata wa pakati pa zitsulo za njanjiyi, mamilimita 1,067, ndi womwewo wa njanji yathu kuno ku Malawi. Choncho kusiyana kwathu sikuli m'zitsulo ayi. Tikawafunse ana m'kalasi kuti kuli pati.