Mphika wa Anthu Othawa Nkhondo

Pa TikTok pakuyenda kanema wa mphika wa ku Louisiana, America, wotchedwa étouffée. Amakazinga ufa wa tirigu m'batala mpaka ufiire, n'kuthiramo anyezi, tsabola wobiriwira, celery, tsabola wowawa wa cayenne ndi crayfish, tizilombo ta m'madzi tofanana ndi nkhanu. Anzanga ena akufunsa koti angatigule. Ine chimene chandigwira mtima ndi mbiri ya mphikawu, poti ikufanana ndi ya mphika wa kwathu ku Chintheche.

Eni ake, a Cajun, ndi zidzukulu za Afalansa amene Angerezi anawathamangitsa ku Acadia, m'dziko la Canada, kuyambira mu 1755. Ena anakathera m'madambo a Louisiana, n'kuyamba kudya zimene madzi anawapatsa. Crayfish yomwe lero ikutchuka m'malesitilanti inali ndiwo ya amphawi.

Tsopano vundukulani poto wathu: usipa wauwisi, anyezi, tomato, kambuzi, pambali pake kondowole. Timati chakudya cha makolo, eti? Komatu chinangwa, tomato ndi tsabola, zonsezi kwawo ndi ku America. Apwitikizi anatenga chinangwa ku Brazil n'kufika nacho ku gombe la Kongo m'zaka za m'ma 1500, ndipo chinayenda dzanja ndi dzanja mpaka kunyanja kuno. Mwinimudzi weniweni m'potomo ndi usipa basi.

Nanga chinangwa chinamereranji mizu chonchi pakati pa Atonga? Mchenga wa kugombe umachilola, inde, koma nkhondo nayo inaikapo dzanja. Angoni a M'mbelwa atakhazikika kumtunda cha m'ma 1850, anthu a kunyanja anaunjikana m'malinga, monga la Mankhambira pa Chintheche. Cha m'ma 1870, Atonga amene anali m'manja mwa Angoni anathawira komweko, ndipo Angoni owalondola anagonja pa mtsinje wa Chintheche. M'moyo wotere nkhokwe ya mapira ndi nyambo ya adani: amaitentha kapena kuikokolola tsiku limodzi. Chinangwa nkhokwe yake ndi nthaka. Umazula chokwanira lero, china n'kumakudikira. Pamene Dr Robert Laws ankasamutsira mishoni ku Bandawe mu 1881, anapeza anthu odalira chinangwa ndi nsomba. Amuna atayamba kupita ku Halale ndi ku Joni, mbewu yomweyi ndi imene amayi anatha kuisamala okha.

Luso lake si lamasewera. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni, ndiye amachisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo, kuchiyanika, kenaka kusinja. Usipa nawo uli ndi lamulo: ukalowa mu supu ya tomato ndi kambuzi, chipande chikhale patali. Umangogwedeza poto, apo ayi udya phala la minga.

Chimandiwawa n'chakuti a Cajun anasandutsa chakudya cha umphawi wawo kukhala ulemu, mpaka tawuni ya Breaux Bridge imachita chikondwerero cha crayfish chaka ndi chaka. Ife tikafika ku koleji timayamba kunena kuti kondowole imanunkha. Fungo limenelo ndi la madzi oviikamo, amene anachotsa poizoni kuti agogo athu akhale ndi moyo m'malinga. Phikani étouffée mukapeza zipangizo zake, palibe choletsa. Koma mukapita ku Kande kapena ku Usisya holide ikubwerayi, khalani pansi pafupi ndi agogo, muone m'mene amadziwira kuti chinangwa chavunda bwino. Zimenezo pa YouTube simuzipeza.