Nkhondo ya pa tebulo

Sabata ino ndabwera ndi mbiri ya masewera amene nditangowamva ndinaseka: azibambo andevu zawo kuzungulira tebulo, kumakankha tizidole ta asilikali, ati akubwereza nkhondo zakale. Ndinati koma anthu ena nthawi ali nayo! Ife kumsika ndi bawo basi, nayonso makasitomala akasowa.

Komatu sanayambe ngati zachibwana. Mu 1824, msilikali wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu ake masewera otchedwa Kriegsspiel. Ankayala mapu, n'kuikapo tizidutswa tofiira ndi tabuluu toimira magulu ankhondo, ndipo pankakhala woweruza wogamula zotsatira. Akuluakuluwo anawalandira ngati njira yophunzitsira asilikali. Prussia itagonjetsa France mu 1871, mayiko ena anatengera.

Amene anawatchukitsa kwa anthu wamba ndi mlembi wa ku England, H.G. Wells, m'buku lake la 1913, Little Wars. Iye ankagwetsa asilikali amtovu ndi kamzinga kachidole. Ankati munthu akasewera kankhondo aka, amazindikira kupusa kwa nkhondo yeniyeni.

Chaka chotsatira nkhondo yaikulu inabuka. Mu September 1914 inafika mpaka ku Karonga, kumene Angelezi ndi Ajeremani anamenyana pogwiritsa ntchito asilikali achikuda. Pa tebulo, wogwa amatoledwa n'kubwezeredwa m'bokosi. Amene anagwa ku Karonga sanabwerere kwawo.

Ndiye anzanga, mukuti bwanji? Masewerawa amaphunzitsa kudana nayo nkhondo, kapena kuizolowera?