George Loring: dotolo wa ku America amene anali ku Lisboa pamene dziko lathu linkagawidwa

George Bailey Loring anabadwa mu 1817 ku Massachusetts, m'dziko la America. Anaphunzira ku Harvard, ndipo mu 1842 anatsiriza maphunziro a udotolo. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri, kuyambira 1843, ankaciza amalinyero pa cipatala ca ku Chelsea.

Koma mtima wake unali ku munda ndi ku ndale. Atasiya nchito ya cipatala anakhazikika ku Salem, komwe ankaweta ng'ombe ndi kulemba nkhani za ulimi. Mu 1864 anathandiza kuyambitsa bungwe la alimi la New England Agricultural Society. Poyamba anali wa cipani ca Democrat, koma pa nthawi ya nkhondo ya paciweniweni analowa ca Republican. Anthu a dera lake anamusankha kukhala phungu ku nyumba ya malamulo ya ku Washington, ndipo anakhala pa mpandowo kuyambira 1877 mpaka 1881. Atacoka kumeneko anayang'anira nthambi ya zaulimi ya boma mpaka 1885.

Mungafunse kuti munthu wakutali cotere akutikhudza bwanji ife a m'malire. Mu 1889 Pulezidenti Benjamin Harrison anamutumiza ku Lisboa ngati kazembe. Caka comweco Apwitikizi analanda njanji yocokera ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, kupita ku Transvaal. Amene anapatsidwa cilolezo comanga njanjiyo anali Edward McMurdo wa ku America, yemwe anali atangomwalira. Conco Loring anatumidwa ndi boma lake kukadandaulira mkazi wamasiyeyo, ndipo mlanduwo unaweruzidwa ku Bern mu 1900, Apwitikizi n'kulipira.

Ali ku Lisboa komweko kunabuka mkangano wina waukulu. Pa 11 Janeiro 1890 Angelezi analamula Apwitikizi kuti acotse asilikali awo ku cigwa ca Shire, komwe Serpa Pinto anali atamenyana ndi Amakololo. Apwitikizi anagonja, anthu a mumzindamo n'kukwiya kwambiri. Pangano la pa 11 Junho 1891 ndilo linadula malire amene lero amalekanitsa mudzi wa malume ndi wa mphwake, munda tsidya lino, manda a makolo tsidya lina.

Loring sanadule nawo malirewo. Anabwerera kwawo mu 1890, n'kulemba buku lochedwa A Year in Portugal, ndipo anamwalira ku Salem mu Setembro 1891. Komabe mbiri yake ikutionetsa m'mene zinthu zinkayendera masiku amenewo. Mkazi mmodzi wamasiye anali ndi kazembe womulankhulira za ndalama za njanji ya m'dziko lathu. Mafumu a Angonia, Milange ndi a m'mbali mwa nyanja ya Niassa, eni nthaka imene inkagawidwayo, analibe ndi mmodzi yemwe wowalankhulira ku Lisboa kapena ku London.