Giyabokosi ya BorgWarner T-5

BorgWarner T-5 ndi giyabokosi ya manyuwelo yokhala ndi magiya asanu opita kutsogolo ndi imodzi yobwerera m'mbuyo. Inapangidwira magalimoto amene injini yake imakhala kutsogolo koma mphamvu imapita ku matayala akumbuyo. Kampani ya ku America ya BorgWarner inayamba kuigulitsa kwa opanga magalimoto mu 1982. Thupi lake ndi la aluminiyamu, ndipo ikakhala yopanda oyilo imalemera pafupifupi makilogalamu 34. Chifukwa cha kupepuka kwake, kuchuluka kwake m'malo ogulitsa zitsulo za magalimoto akale, komanso kupezeka kwa masipeyala, T-5 ndi imodzi mwa magiyabokosi amene anthu okonzanso magalimoto akale pakhomo amakonda kumasula, kumanganso ndi kumangirira m'galimoto okha.

Mbiri

Magalimoto oyamba kukhala ndi T-5 anali a kampani ya AMC ndi a Jeep. Mu 1983 inalowa mu Ford Mustang ya injini ya V8 ya malita 5.0, komanso mu Chevrolet Camaro ndi Pontiac Firebird. Ford anapitiriza kuiika mu Mustang ya V8 mpaka 1995, ndipo mu Mustang ya V6 inakhalamo mpaka 2010. Magalimoto ena amene anaigwiritsa ntchito ndi pikapu ya Chevrolet S-10, Nissan 280ZX Turbo, Ford Sierra RS Cosworth ya ku Ulaya, ndi Ford Sierra XR8 imene inapangidwa ku South Africa m'zaka za m'ma 1980. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ntchito yopanga giyabokosiyi inapita m'manja mwa kampani ya TREMEC ya ku Querétaro, m'dziko la Mexico.

Pali mitundu iwiri ikuluikulu ya T-5. Mtundu wachiwiri, wotchedwa World Class, unayamba mu 1985 pa magalimoto a Ford ndipo mu 1988 pa Camaro ndi Firebird. Pa mtunduwu, giya yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu zimazungulira pa mabering'i a tizitsulo tating'ono ngati singano, pamene pa mtundu wakale zimazungulira pa shafiti penipeni. Mphete za synchro za mtundu wakale ndi za mkuwa, koma za World Class zambiri zinamatidwa ndi zinthu zofanana ndi zimene zimakhala mu kilatchi za giyabokosi ya otomatiki. Masipeyala ambiri a mitundu iwiriyi salowana, choncho wokonza amayamba ndi kuwerenga kachitsulo ka nambala kamene kamamangidwa pa bawuti ya kumchira. Nambala ya T-5 imayamba ndi 1352, ndipo manambala otsatira amasonyeza galimoto imene inachokera.

Mmene imagwirira ntchito

Mkati mwa giyabokosiyi muli mashafiti atatu. Shafiti yolowetsa mphamvu imalandira kuzungulira kwa injini kudzera pa kilatchi. Iyo imazunguza shafiti yapansi, imene ili ndi magiya angapo osiyana kukula. Magiya a shafiti yapansi amalumana nthawi zonse ndi magiya a pa shafiti yotulutsa mphamvu, koma magiya ambiri a pa shafiti yotulutsayo amangozungulira okha osaigwira. Dalaivala akasuntha ndodo ya giya, foloko imakankha kolala yachitsulo imene imamanga giya imodzi ku shafitiyo, ndipo mphamvu imadutsa pa giya imeneyo kupita ku propshaft ndi ku difu.

Kolala isanalume mano a m'mbali mwa giya, liwiro la ziwirizi liyenera kufanana. Imeneyi ndi ntchito ya synchro: mphete yake imakhuzana ndi mbali yosongoka ya giya ngati buleki yaing'ono, ndipo imatsekereza kolala mpaka liwiro litafanana. Njira imeneyi inayamba kuoneka pa magalimoto a Cadillac mu 1928, kuchokera ku nzeru za injiniya Earl A. Thompson.

Pa Mustang ya V8 ya 1990 mpaka 1993, injini imazungulira ka 3.35 pa giya yoyamba kuti shafiti yotulutsa izungulire kamodzi, ka 1.99 pa yachiwiri, ka 1.33 pa yachitatu, ka 1.00 pa yachinayi, ndi ka 0.68 pa yachisanu. Pa giya yachinayi shafiti yolowetsa ndi yotulutsa zimangomangana pamodzi. Giya yachisanu, imene imakhala m'chigawo cha kumchira osati m'thupi lalikulu, ndi imene imakopa eni magalimoto akale a magiya atatu kapena anayi. Injini imene ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi pa giya yachinayi imatsika kufika pa 2,040 ikalowa yachisanu pa liwiro lomwelo, ndipo phokoso ndi mafuta zimachepa pa ulendo wautali.

Zizindikiro za kutha

Kukukuta polowetsa giya imodzi, makamaka yachiwiri kapena yachitatu, kumasonyeza kuti mphete ya synchro yatha. Kukukuta pa magiya onse ndiponso pa giya yobwerera m'mbuyo kawirikawiri kumachokera ku kilatchi imene sikumasuka bwino, ndipo kumasula giyabokosi sikungathetse vutolo. Giya imene imadzituluka yokha galimoto ikuyenda imakhala ndi mano a m'mbali operepeseka, foloko yopindika, kapena timapulasitiki ta pa foloko totha. Kulira kumene kumamveka pa magiya onse koma n'kuchepa pa yachinayi kumaloza ku mabering'i a shafiti yapansi kapena a shafiti yolowetsa, popeza pa giya yachinayi shafiti yapansi sinyamula katundu. Oyilo wotsanulidwa amanenanso zambiri: fumbi la golide limachokera ku mphete za mkuwa, pamene tizidutswa ta chitsulo timasonyeza kuti dzino la giya kapena bering'i yasweka.

Kumasula ndi kuyeza

Kuwonjezera pa masipanala wamba, ntchitoyi imafuna pulayala yochotsera mphete zotsekera, chokokera mabering'i, panchi yotulutsira timapini, sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti, ndi geji ya dayalo yoyezera kusuntha kwa shafiti. Mabering'i ena amachoka ndi kulowa pa makina a puresi okha, ndipo ambiri okonzera pakhomo amapita ndi shafitiyo ku galaja pa gawo limeneli.

Kumasula kumayambira kumchira. Ndodo ya giya ikachotsedwa, pini imene imagwira chitsulo cholandira ndodoyo imakhomedwa kuti imasuke, kenako chigawo cha kumchira chimasololedwa. Chivindikiro cha pamwamba chimatuluka pamodzi ndi mafoloko a giya yoyamba mpaka yachinayi, ndipo chimakankhidwira kaye pambali chisanakwezedwe. Giya yachisanu ndi synchro yake zimachoka kumbuyo. Shafiti yolowetsa ili ndi malo amodzi odulidwa pa mzere wa mano ake. Malowo ayenera kuyang'ana shafiti yapansi kuti iyo ituluke popanda kukakamiza. M'dzenje la kumapeto kwake mwa T-5 zambiri muli timabering'i 15 tosamangika, timene timagwa mosavuta. Shafiti yotulutsa imakwezedwa kudzera pamwamba, ndipo shafiti yapansi imatuluka pomaliza.

Zitsulo zimayalidwa pa tebulo motsatira mmene zatulukira, ndipo kolala iliyonse imaikidwa chizindikiro pamodzi ndi chitsulo chimene imatsetserekapo, kuti zibwerere mmene zinalili. Zikatsukidwa, wokonza amayang'ana mano a giya iliyonse, ming'alu m'thupi la aluminiyamu, ndi nsonga ya shafiti yotulutsa imene imalowa m'shafiti yolowetsa. Nsongayo ikakumbika, mabering'i atsopano sakhalitsa. Mphete ya synchro imayesedwa poikanikiza pa giya yake: ngati yafika pokhudza mano a giya popanda mpata, ndiye kuti yatha. Paipi ya kutsogolo imene bering'i ya kilatchi imatsetserekapo ndi ya aluminiyamu pa T-5 zambiri za Ford, ndipo ikakumbika kilatchi imalimba. Ambiri amaisintha ndi yachitsulo.

Kumanganso

Masipeyala omangiranso amagulitsidwa pamodzi: mabering'i, mphete za synchro, masilo, mawashala, mphete zotsekera ndi timapulasitiki ta mafoloko. Chitsulo chilichonse chimapakidwa oyilo chisanalowe, ndipo timabering'i tosamangika timagwiridwa m'malo ndi mafuta a Vaseline, amene amasungunuka giyabokosi ikatentha. Girisi wolimba sagwiritsidwa ntchito chifukwa amatseka njira za oyilo.

Gawo limene limasiyanitsa ntchito yabwino ndi yolephera ndi kuyeza mpata wa shafiti. Shafiti yolowetsa ndi yotulutsa zimakhala pa mabering'i osongoka, ndipo kulimba kwake kumadalira kawashala kopyapyala kotchedwa shim kamene kamakhala kuseri kwa chivindikiro cha kutsogolo. Wokonza amamanga giyabokosi popanda shim, amaiimika, amayeza ndi geji ya dayalo kutalika kumene shafiti ikusuntha, kenako amasankha shim yothetsa mpatawo malinga ndi buku la fakitale. Mpata ukatsala, mashafiti amagwedera ndipo magiya amadyana molakwika. Shim ikanenepa, mabering'i amatentha n'kupsa. Pa World Class shafiti yapansi imayezedwanso chimodzimodzi. T-5 ilibe magasiketi a pepala, kotero polumikizira pamapakidwa silikoni wochepa. Isanachoke pa tebulo, giya iliyonse imalowetsedwa ndipo shafiti imazunguzidwa ndi dzanja.

Kumangirira m'galimoto

Giyabokosi yochokera m'galimoto ina silowa paliponse. Shafiti yolowetsa ya Mustang ya V8 ili ndi mizere 10, pamene ya Camaro ya V8 ili ndi mizere 26, ndipo mbale ya kilatchi iyenera kufanana nayo. Ya Mustang ya 1994 ndi 1995 ndi yaitaliko kuposa ya zaka zam'mbuyo, choncho imafuna bellhousing yakeyake, chigoba chonga belu chimene chimalumikiza injini ndi giyabokosi. Malo amene ndodo ya giya imatulukira amasiyananso. Eni mapikapu ndi magalimoto akale a mpando wautali kutsogolo amakonda chigawo cha kumchira cha S-10, chifukwa chimatulutsa ndodo patsogolo pa mpandowo. Nthawi zambiri propshaft imafupikitsidwa kapena kutalikitsidwa, ndipo chitsulo chopingasa chonyamula mchira wa giyabokosi chimasunthidwa.

Flywheel nayo imafuna kusamala. Injini ya Ford ya malita 5.0 imadalira kulemera koikidwa pa flywheel kuti isanjenjemere, ndipo kulemerako kunasintha kuchoka pa maaunsi 28 kupita pa 50 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Flywheel ya chaka cholakwika imalowa bwinobwino koma imagwedeza injini mpaka kuwononga mabering'i ake. Galimoto imene inali ya otomatiki imafunanso pedulo ya kilatchi ndi bering'i yaing'ono ya kumapeto kwa crankshaft, mmene nsonga ya shafiti yolowetsa imakhala. Dzenje la pakati pa bellhousing liyenera kulunjika ndi crankshaft, ndipo malire odziwika ndi mamilimita 0.127, likapatuka kuposa apo, giya imalimba ndipo bering'i ya kutsogolo imatha msanga.

Mbale ya kilatchi imaikidwa pakati ndi chida cholunjikitsira chivindikiro chake chisanamangidwe. Giyabokosi imakwezedwa ndi jeki n'kukankhidwa molunjika mpaka itakhudza bellhousing yokha. Kuikoka ndi mabawuti pamene yakana kulowa kumathyola makutu a aluminiyamu kapena kuphwanya bering'i ya mu crankshaft.

Oyilo ndi malire a mphamvu

T-5 ya World Class imagwiritsa ntchito oyilo wa giyabokosi ya otomatiki wa mtundu wa Dexron kapena Mercon, pafupifupi malita 2.6, wothiridwa mpaka atafika pa bowo la m'mbali. Oyilo wolemera wa difu salowa bwino m'timabering'i ta singano ndipo amalepheretsa mphete za synchro kugwira. Ya Mustang ya V8 ya 1985 mpaka 1989 inapangidwira mphamvu yopotokola ya ma Nm pafupifupi 360, ndipo ya 1990 mpaka 1993 pafupifupi 407. Injini ikawonjezedwa mphamvu kupitirira apo, giya yachitatu ndi imene imasweka kawirikawiri, ndipo eni magalimoto otere amasankha magiyabokosi olimba a TREMEC monga TKO kapena T-56.

Chitetezo

Ngozi yaikulu pa ntchitoyi ndi kugweredwa ndi galimoto. Galimoto imakhazikidwa pa zoimikira zachitsulo pamalo olimba ndi osalala, osati pa jeki yokha kapena pa njerwa, ndipo waya wa batire amachotsedwa sitata isanamasulidwe. Giyabokosi ikatsitsidwa, injini imataya chochirikiza cha kumbuyo ndipo imafunika kuichirikiza. Fumbi la kilatchi zakale likhoza kukhala ndi asibesitosi, amene amawononga mapapo, kotero limapukutidwa ndi nsalu yonyowa m'malo molipemerera ndi mpweya.