Msika wa Mkunazini, Kumene Inathera Njira ya ku Nkhotakota

Mwezi wathawu ntchito inanditengera ku Dar es Salaam, ku msonkhano wa anthu okonza mapologalamu a pa wailesi. Tinakhala masiku asanu m'chipinda chimodzi, tikukambirana za makina ndi za ndalama zimene mawailesi athu alibe. Loŵeruka anatimasula. Anzanga ambiri anathamangira ku msika wa Kariakoo kukagula zitenje, koma ine ndinakwera sitima ya pamadzi ya m'mamaŵa, ndipo patatha maola aŵiri ndinatsika pa doko la Zanzibar.

Dzinali ndinali kulidziŵa kale. Ku sukulu ya uphunzitsi tinaliloŵeza pamtima, ndipo ndisanayambe ntchito ya wailesi ndinalilembapo pa bolodi kangapo pamodzi ndi Kilwa ndi Nkhotakota, ana nakopera m'makope mwawo. Koma ndiulule kuti kwa ine linali yankho la mayeso chabe.

Mzinda wakale wa pa chilumbachi amautcha Stone Town, pakuti nyumba zake anamangira miyala ya m'nyanja ndi laimu. Tinjira take ndi topapatiza kotero kuti galimoto siloŵamo. Ukamva njinga yamoto ikulira kumbuyo, umangokanirira ku khoma. Zitseko zake ndi zamatabwa olemera, zosemedwa maluŵa, zina zokhomedwa misomali ikuluikulu yamkuwa. Kugombe kuli linga limene Aluya a ku Oman anamanga cha m'ma 1700 atapirikitsa Apwitikizi, ndipo pambali pake pali Beit al-Ajaib, nyumba imene Sultan Barghash anamanga mu 1883, yoyamba kuyaka magetsi pa chilumbapo. Mbali ina ya nyumbayi inagwa mu Disembala 2020, ndipo ine ndinangoionera kunja.

Mlendo aliyense akaona zimenezi amafunsa kuti chuma chotere chinachokera kuti pa kachilumba kochepa chonchi. Cha m'ma 1840 Seyyid Said, mfumu ya ku Oman, anasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kudza ku Zanzibar. Chuma chake chinatsamira pa minyanga ya njovu ndi pa karafuu, mbewu yonunkhiritsa chakudya imene amathyola m'mitengo ndi manja. Minyanga inafuna mapewa oisenza kuchokera kumtunda, karafuu anafuna manja omuthyola, ndipo mapewa ndi manja amenewo, ambiri a iwo, anachokera kwathu kuno.

Amene anandiperekeza tsikulo anali bambo wachikulire wa konko. Atamva kuti ndine wa ku Malaŵi anaima, nandiyang'anitsitsa, nati m'Chiswahili, "Kumbe Mnyasa!" Kenaka anasiya njira imene amapita nayo alendo ena, nanditengera molunjika ku Mkunazini, kumene kunali msika wa akapolo.

Omvera a ku Nkhotakota mukudziŵa za Jumbe Salim bin Abdallah, amene anakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1840. Anthu ogwidwa m'midzi ya ku Kasungu, ku Dowa ndi kutsidya kwa Luangwa ankawasonkhanitsa pa gombe lake, kuwalonga m'zombo za matanga, ndi kuwaolotsa nyanja. Kutsidyako ankayamba ulendo wa pansi wa miyezi ingapo, magoli ali m'khosi, mpaka ku Kilwa Kivinje. A kummwera kwa nyanja ankadzera kwa Mponda ndi kwa Makanjira. Opulumuka panjirapo ankawakwezanso zombo za ku Zanzibar, kumene mwini wake ankalipira msonkho pa mutu uliwonse. Wodwala kwambiri ankamusiya m'chombo momwemo, kuopa kutaya ndalama ya msonkho pa munthu woti afa maŵa. David Livingstone analemba kuti Rigby, kazembe wa Britain pa chilumbapo, anamuuza kuti akapolo 19,000 a ku dera la Nyasa lokha ankadzera pa nyumba ya msonkhoyo chaka chilichonse. Ameneŵa ndi okhawo amene anafika amoyo.

Msikawo unatsekedwa pa 5 Juni 1873, pamene Barghash anasaina pangano, ngalaŵa zankhondo za Britain zitamuopseza kuti zitseka doko lake. Amene anamukakamiza ndi John Kirk, yemwe uja anafika pa nyanja yathu ndi Livingstone mu 1859, mwini dzina la mapiri a Kirk Range a ku Ntcheu ndi Neno. Livingstone mwiniyo anali atafera kwa Chitambo, m'dziko la Zambia, masabata asanu okha m'mbuyo mwake, mtembo wake udakali kumtunda.

Pa bwalo la msikalo lero pali tchalitchi chachikulu cha Anglican, Christ Church. Mwala wa maziko anauika pa Khirisimasi ya 1873, ndipo amene anatsogolera ntchitoyo, Bishopu Edward Steere, anaikidwa kuseri kwa guwa mu 1882. Patsogolo pa guwalo pali mwala woyera wozungulira, wozingidwa ndi wofiira. Amati pamenepo ndi pamene panali mtengo womangirirapo akapolo powakwapula. M'katimo mulinso mtanda waung'ono wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, umene pansi pake anakwirirapo mtima wa Livingstone. Mpingo umene unamanga tchalitchichi ndi wa UMCA, womwe uja unayambira ku Magomero mu 1861, nusamukira ku Zanzibar mu 1864 Bishopu Mackenzie atamwalira ndi malungo.

Pafupi pomwepo alendo amawatsitsira m'tizipinda tiŵiri tapansi, totsika denga, tamdima, nauzidwa kuti akapolo ankadikira msika mmenemo. Akatswiri ena a mbiri amatsutsa, ati nyumba ya pamwamba pake inamangidwa msika utatsekedwa kale. Ine sindinaone chifukwa chokometsera nkhani imene ili yoŵaŵa kale payokha. Chimene chinandigwira mtima chili panja: dzenje limene mu 1998 mmisiri wa ku Sweden, Clara Sörnäs, anaimikamo zifanizo zisanu za anthu, unyolo uli m'khosi. Ndinaziyang'ana nkhope, ndikuganiza kuti wina mwa anthu otere anali Phiri, wina Banda, wina Mwale, ndipo kwawo anamulira maliro opanda manda.

Tsono pali mbali imene sitikonda kuinena. Mluya sakadatha kuloŵa yekha m'mudzi wa Acheŵa ndi kutulukamo ndi anthu makumi aŵiri. Panali mafumu athu amene analandira nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Panali amalume amene anapereka mphwawo kulipira mlandu. Nkhondo za Angoni ndi njala zinachulukitsa ogwidwa. Ndi chifukwa chake kutseka msika ku Zanzibar sikunatseke njira kuno: Mlozi anapitiriza malondawo ku Karonga kufikira pamene anapachikidwa mu Disembala 1895, patatha zaka 22, ndipo pa chilumba pomwepo lamulo linaleka kuvomereza ukapolo mu 1897.

Nanga omasulidwa aja anapita kuti? Ambiri anatsala konko, nakwatira, ana awo nakula akulankhula Chiswahili. Ena amishoni anawasunga ku Mbweni, kummwera kwa mzindawo. Mu 1876 Bishopu Steere anatenga gulu la anthu a ku Mbweni kuti awabwezere kwawo ku nyanja. Anayenda kuchokera kugombe mpaka pa Masasi, kummwera kwa Tanzania, ndipo pamenepo anthuwo anakana kupitirira. Nthaka inali yachonde, chakudya chinalipo, ndipo midzi imene anachokera mwina inali itasanduka mabwinja. Anamanga pomwepo. Mu 1882 Angoni anathira nkhondo mudziwo, nagwira ena mwa iwo ukapolo kachiŵiri. Mishoniyo inadzakhazikika pa Likoma mu 1885, koma anthu a pa Masasi aja sanaionenso nyanja.

Sitima yobwerera inanyamuka 4 koloko madzulo. Pa doko, bambo uja anandiuza kuti agogo a mayi ake anali Mnyasa. Ndinamufunsa mudzi wawo ndi mfunda wawo. Anapukusa mutu, nati zimenezo palibe anawauza.