MPATA WA FORT LISTER: NJIRA YA AKAPOLO DZANA, NJIRA YA ALENDO LERO



M'kabuku kano ka chikumbutso cha Idi taona kuti ndi bwino tikambiraneko mbiri ya malo amodzi a m'boma lathu lino la Phalombe, malo amene azungu amalipira ndalama zambiri kuti adzawaone koma ambiri a ife kuno kwa Chiwalo sitidapondeko phazi. Malowa ndi mpata umene uli pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi, pamene pali mabwinja a linga la Fort Lister. Nkhaniyi ikutikhudza ife Asilamu pa zifukwa ziwiri. Choyamba, alendo akafika pamenepo amauzidwa mbiri ya ukapolo, ndipo m'mbirimo dzina la chipembedzo chathu limatchulidwa. Chachiwiri, ntchito yoperekeza alendo ndi ntchito yodyetsa mabanja, ndiye tiyenera kudzifunsa ngati ana athu ali nalo gawo.

ULENDO WA MINYANGA NDI AKAPOLO

Kale dera lino mudali Amang'anja. Cha m'ma 1860 kudafika Ayao kuchokera kum'mawa kwa nyanja ya Malawi, ndipo mafumu awo monga Matipwiri ndi Mkanda adakhazikika m'mphepete mwa phiri la Mulanje. Ayao adali akatswiri pa malonda a maulendo ataliatali. Ankanyamula minyanga ya njovu kupita nayo kugombe la nyanja ya mchere, nkubwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Koma tisabise mawu: pamodzi ndi minyangayo ankatenganso anthu. Amuna, akazi ndi ana ogwidwa pankhondo ankamangidwa m'magoli, nkuwayendetsa pansi masabata ambiri kukawagulitsa.

Mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi udali chipata cha maulendo otere. Munthu wochokera kuchigwa cha Phalombe ndi kunyanja ya Chilwa pofuna kulowera ku Quelimane, m'dziko limene pano ndi Mozambique, sakadakwera mapiri aatali chonchija ali ndi katundu pamutu. Ankangodzera pampatapo basi. Ulendo uliwonse unkakhala ndi mtsogoleri wake wodziwa pomwe pali madzi, pogona, ndi mfumu yofunika kuipatsa mphatso kuti ikuloleni kudutsa. Tinganene kuti amenewa ndiwo adali oyamba kugwira ntchito yotsogolera apaulendo kuno, ngakhale kuti ulendo wake udali wa misozi.

Mzungu woyamba kulemba za chigawo chino ndi David Livingstone, amene adafika panyanja ya Chilwa mu April 1859 nkuona phiri la Mulanje chapatali. Zimene iye adalemba zokhudza ukapolo zidautsa mitima ku Britain. M'chaka cha 1873 Sultan Barghash wa ku Zanzibar adasaina pangano lotseka msika wa akapolo pachilumbapo, komabe malondawo adapitirira mozemba kwa zaka zina makumi awiri ndi mphambu.

LINGA LA 1893

Mu 1891 Angerezi adalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chawo, ndipo Harry Johnston ndiye adali mkulu wa boma latsopanolo. Iye adabweretsa asilikali a mtundu wa Sikh kuchokera ku India, nayamba kumanga malinga m'njira zonse zikuluzikulu za malonda. Mu 1893 adamanga linga pampata uja nkulitcha Fort Lister, potengera dzina la Sir Villiers Lister, mkulu wina wa ku ofesi yoona za maiko akunja ku London. Mbali ina ya phirili adamanga Fort Anderson. Pofika 1895 mphamvu za Matipwiri zidathyoka, chaka chomwecho chimene Kawinga ndi Jalasi adagonjetsedwa kumpotoku.

Lingali silidakhalitse. Ukapolo utatha, m'zaka zoyambirira za m'ma 1900 boma lidachokapo. Lero patsala zipupa zogumuka ndi manda, kuphatikizapo a Gilbert Stevenson amene adamwalira mu 1896, mbale wake wa mlembi wotchuka Robert Louis Stevenson. Alendo ambiri amaima pamandapo kujambula zithunzi. Nanga manda a akapolo amene adafera m'njira ali kuti? Palibe mwala, palibe dzina. Allah yekha ndiye akuwadziwa.

Tidziwenso kuti Angerezi potseka njirayi sadangofuna chifundo chokha ayi. Ankafunanso dziko, msonkho ndi antchito. Posakhalitsa kudabwera msonkho wa nyumba, minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi thangata. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 Alhomwe ambirimbiri adayamba kuwoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo ndi amenewa makolo a anthu ochuluka a m'boma lino. Goli lidachoka, koma katundu pamutu sadachoke. Bwana DC akamapita pa ulendo ankanyamulidwa pamachila, katundu wake ali pamitu ya amtengatenga. Pankhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 adagwira ntchito ya mtengatenga, ndipo ambiri sadabwerere kwawo.

KODI MLANDUWU NDI WA CHISILAMU?

Apa ndiye pagona nkhani, abale anga. Nthawi zambiri mbiriyi imakambidwa mwachidule kuti "Aluya ndi Asilamu ndiwo ankagulitsa anthu, azungu nkudzawapulumutsa." Mwana wathu wa ku madrasa akamva zotere amawerama ndi manyazi, kapena amakana zonse nkunena kuti ndi bodza la azungu. Njira zonse ziwirizi nzolakwika.

Zoona zake nzakuti ena mwa amalonda a akapolo adali Asilamu. Jumbe Salim bin Abdallah, amene adakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, adali Msilamu ndipo ankawolotsa akapolo panyanja. Mfumu Makanjira idalowa Chisilamu cha m'ma 1870 koma siidaleke malondawo. Izi sitingazifufute, ndipo Msilamu salumbira bodza pofuna kuteteza mtundu wake. Koma nzoonanso kuti msika wake udali waukulu kuposa chipembedzo chimodzi. Ku Quelimane kunkalamula Apwitikizi. Akapolo ena ankathera m'minda ya zonunkhiritsa chakudya ku Zanzibar, ena m'minda ya nzimbe ya Afalansa pazilumba za m'nyanja ya India. Mafumu osapembedza Chisilamu nawonso ankagwira anzawo nkuwagulitsa. Dyera lilibe mtundu.

Ndiponso tikumbuke chimene chipembedzo chathu chimaphunzitsa. Kumasula kapolo ndi imodzi mwa ntchito zimene Zakaat idaikidwira, komanso ndi dipo la machimo ena. Woitanira swala woyamba, Bilal, adali kapolo wa mtundu wochokera mu Africa muno, amene Abu Bakr adamuwombola, ndipo Mtumiki Muhammad (Mtendere ukhale pa iye) adamukweza pamaso pa mabwana a ku Makka. Munthu amene ankaotcha mudzi usiku kuti agwire ana a eni ake adalakwira chiphunzitso chimenechi, kaya ankavala mkanjo ndi kofiya.

Chinanso: njira zomwezo za kugombe zidadzeranso anthu ofuna maphunziro. Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda, amene adamwalira mu 1930, adakaphunzira ku Kilwa nkubwerera kudzaphunzitsa kuno. Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene adamwalira mu 1959, adasula ophunzira ambiri amene adamanga mizikiti ndi madrasa m'midzi. Chisilamu chidafala kwambiri m'dziko muno ukapolo utatha kale, kudzera mwa aphunzitsi oyenda pansi ndi mabuku awo m'thumba. Mbali imeneyi mlendo saimva ngati palibe woifotokoza.

ALENDO A MASIKU ANO

Boma lidaika phiri la Mulanje kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927. Mu 1952 kudakhazikitsidwa kalabu ya okwera phiri imene pano imatchedwa Mountain Club of Malawi. Pamwamba pa phirili pali tinyumba togonamo alendo monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Chinzama ndi Sombani. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo m'Malawi muno mulibe malo ena okwera kuposa pamenepo. Kumeneko ndi kwawo kwa mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi, koma macheka ndi moto zautha pafupifupi wonse.

Makampani okonza maulendo, ambiri a ku Blantyre ndi Lilongwe, amatenga alendo pa galimoto mpaka ku Likhubula, mbali ya Mulanje, kumene kuli chipata chachikulu ndi mathithi a Dziwe la Nkhalamba. Kumeneko ndiye kuli magaidi ndi onyamula katundu ambiri, ndipo ali ndi bungwe lawo. Kumenekonso ndi kumene kumayambira mpikisano wotchuka wa Porters Race, umene poyamba udali wa onyamula katundu okhaokha. Koma mbali yathu ino ilinso ndi khomo lake. Kuchokera pa Fort Lister pali njira yokwera kupita ku Sombani. Vuto ndi lakuti alendo odzera kuno ndi ochepa, ndiye ndalama zambiri zimatsalira tsidya linalo.

Ntchito ya gaidi si yamasewera. Paphiri paja chifunga chimatseka mwadzidzidzi, mitsinje imadzaza pa kanthawi kochepa, ndipo usiku kumazizira koopsa. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil adafera pa Sapitwa atasiya womutsogolera mmbuyo nkupitirira yekha. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ife Asilamu izi tikuzidziwa bwino, chifukwa amene adapitako ku Hajj amanena kuti popanda wokutsogolera pakati pa chinamtindi chija, munthu ukhoza kusokera kapena kuphonya mapemphero ofunika.

Phalombe idakhala boma paokha mu 1998, itapatulidwa ku Mulanje. Mu 2011 dziko la Malawi lidapereka ku UNESCO mndandanda wa malo a njira za akapolo, ndipo Fort Lister ili pomwepo. Mu July 2025 UNESCO idalandira phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse, kukhala malo achitatu a dziko lino pambuyo pa Lake Malawi National Park mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za Chongoni mu 2006. Chifukwa chachikulu chidali chikhalidwe cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amene akhala mozungulira phirili. Ife sitipembedza phiri kapena mizimu, timapembedza Amene adalenga phirilo, koma tingathe kumufotokozera mlendo zimene makolo ankakhulupirira popanda kunyoza aliyense.

Kumpoto kwathu kulinso nyanja ya Chilwa, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, yodziwika ndi matemba, makumba ndi milamba. Idalembedwa pa pangano la Ramsar chifukwa cha mbalame za m'madzi zochuluka. Nyanjayi idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu idaumanso. Alipo alendo amene amayenda mtunda wautali kudzangoona mbalame zomwe ife timangoti ndiwo.

Ndipo pali mbiri ina yowawa imene mlendo ayenera kuimva kuchokera pakamwa pathu. Pa 10 March 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi nkukokolola midzi, kupha anthu mazanamazana. Mu March 2023 namondwe Freddy adachitanso chimodzimodzi, makamaka kwa Nkhulambe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Inna lillahi wa inna ilaihi raji'un. Phiri lopanda mitengo siligwira madzi, ndipo silikopa mlendo. Wodula mkungudza akudula mpunga wa mwana wake yemwe.

TITANI TSONO?

Qur'an yolemekezeka m'malo angapo imatilimbikitsa kuyenda ndi kutengapo phunziro pa zimene zidaonekera anthu akale. Ife sitifunika ndege kuti tichite zimenezi. Tikupempha makolo ndi aphunzitsi a madrasa kuti aganizire zosonkha kangachepe, kubwereka galimoto, nkupita ndi ana kukaona Fort Lister. Mutu umodzi susenza denga. Akafika, aime pamabwinjapo, auzidwe zonse mosabisa, kenaka apemphere kuti zoterozo zisadzachitikenso.

Kwa anyamata ndi atsikana athu tikuti: limbikirani Chingerezi, phunzirani mbiri ya kwanu, funsani agogo nthawi ikadalipo. Amene akufuna ntchito yoperekeza alendo akafunse ku ofesi ya zankhalango ndi kwa magaidi akale kuti adziwe ndondomeko yake, asamangoima pamsewu kulimbirana mlendo. Gaidi wa Chisilamu adziwike ndi chilungamo: mtengo umodzi kwa aliyense, katundu wa mlendo ndi amana yosayenera kuigwiragwira, ndipo nthawi ya swala ikakwana apemphe mwaulemu mphindi zochepa. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma zimene waona ndi kumva amakazinena kwawo.

Makolo athu ena adadutsa pampata uja atamangidwa, ena adadutsa akumanga anzawo, ena adadutsa atasenza katundu wa bwana. Mbadwo uno uli ndi mwayi wodutsapo mwaufulu, ukutsogolera mlendo ndi kumuuza zoona. Tisausiyire ena mwayi umenewu.

Allah alandire swala zathu ndi sadaka zathu, akhululukire amene adatsogola, ndipo ateteze midzi yathu ku madzi ndi njala. Ameen.

Idi Mubarak kwa nonse.