Momwe akatswiri amayezera mphamvu ya chammwamba pa impso ndi tizilombo

Chammwamba ndi mtengo umene unachokera ku India ndipo umapezeka kwambiri m'madera otentha monga m'chigwa cha Shire. Kupatula kudya masamba ake ngati ndiwo, anthu ambiri amaugwiritsa ntchito ngati mankhwala. Izi zachititsa akatswiri a sayansi kufufuza ngati mtengowu umatetezadi impso komanso kupha tizilombo toyambitsa matenda.

Kafukufuku wokhudza impso amayambira pa nyama. M'chaka cha 2013, akatswiri a m'dziko la Burkina Faso anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa akalulu. Iwo anabaya akaluluwo jakisoni wa gentamicin, mankhwala opha mabakiteriya amene amatha kuononga impso akachuluka m'thupi. Gulu lina la akaluluwo linamwetsedwanso mankhwala opangidwa kuchokera ku masamba a chammwamba.

Atayeza magazi, anapeza kuti creatinine ndi urea, zomwe ndi zinyalala zimene impso zimasefa, zinali zocheperako mwa akalulu amene anamwa chammwamba. Ichi chinali chizindikiro choti impso zawo sizinaonongeke kwambiri.

Poyeza mphamvu yopha tizilombo, akatswiri amabzala mabakiteriya monga Staphylococcus aureus ndi Escherichia coli m'timbale ta mu labotale ndi kudonthezeramo mankhwala a chitsambacho. Kenaka amayeza kukula kwa malo amene mabakiteriya alephera kumera, n'kuyerekeza ndi mankhwala a kuchipatala. Zotsatira zimasiyana malinga ndi gawo la mtengo lomwe lagwiritsidwa ntchito komanso kakonzedwe kake.

Komabe, zimene zaoneka pa kalulu kapena m'kambale si umboni woti mankhwalawo achiza munthu. Pamafunikanso kuwayesa pa anthu pofuna kudziwa mlingo woyenera ndi kuopsa kwake, chifukwa zitsamba zina zimaononga impso zomwezo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi opitirira 100 m'dziko la Belgium anaonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi omwe munali chitsamba cha Aristolochia, ndipo ambiri mwa iwo anayamba kudalira makina osefa magazi.

Choncho munthu wodwala impso, shuga kapena kuthamanga kwa magazi asasiye mankhwala a kuchipatala podalira chammwamba, ndipo azidziwitsa dokotala za zitsamba zilizonse zomwe akumwa.